Magulu ojambula zachilengedwe atembenuzire makamera awo ku Ndirande ndi ku Soche

Loweruka lomaliza la mwezi, gulu la anthu okonda kujambula zachilengedwe limene ndimayenda nalo muno mu Blantyre limakumana madzulo kuti mamembala aonetsane zithunzi zimene ajambula m'masabata apitawo. Wina amabwera ndi laputopu, wina ndi pulojekita yobwereka kuntchito, ndipo zithunzizo zimaonetsedwa pakhoma chimodzichimodzi, aliyense akupereka maganizo ake pa kuwala, mitundu ndi malo amene wojambulayo anaima. Ndakhala pa misonkhano yotereyi kwa zaka zingapo, moti ndikhoza kulosera zimene zioneke pakhomapo ndisanalowe n'komwe m'chipindamo: njovu zikumwa madzi mu Shire ku Liwonde, mkango ukuyasamula ku Majete, nkhwazi itanyamula nsomba kunyanja, minda ya tiyi ya ku Thyolo, ndi phiri la Mulanje litafunda mtambo. Zithunzizi n'zokongola ndithu, ndipo zina mwa izo ndi zanga. Chimene chimandivutitsa maganizo n'chakuti pa zithunzi zonsezo n'kovuta kupezapo ngakhale chimodzi chojambulidwa mkati mwa mzinda umene tonsefe timagonamo ndi kudzukamo.

Mzindawu suli wosowa chojambula. Blantyre wazingidwa ndi mapiri a Michiru, Ndirande, Soche ndi Bangwe, ndipo mitsinje ya Mudi, Naperi ndi Nasolo imadutsa pakati pa nyumba zathu. Mu Seputembala ndi Okutobala mitengo ya jakaranda imathothola maluwa ake m'misewu, m'miyezi yozizira chiperoni chimaphimba mapiri kwa masiku angapo n'kuwavundukula m'mawa wina ali owala ngati otsukidwa, ndipo akhwangwala, apumbwa, anamzeze ndi akakowa amakhala nafe chaka chonse kapena nyengo ndi nyengo. Komabe tikamakonza ulendo wa gulu timasonkherana ndalama ya mafuta, n'kudzuka usiku kupita kutali, ngati kuti chilengedwe chimayambira pa chipata cholipiritsa cha malo osungirako nyama. Maganizo anga ndi akuti gulu lililonse la mumzinda limene limadzitchula kuti ndi lojambula zachilengedwe ndi maonekedwe a malo liyenera kutenga mzinda wake ngati ntchito yake yoyamba, ndipo ntchitoyo iyenera kukhala yobwerera pa malo amodzimodzi chaka ndi chaka, kuloza kamera mbali imodzimodzi, kulemba tsiku, ndi kusunga zithunzizo pamalo pamene anthu ena adzazipeze ife titapita.

Chifukwa chake chikuoneka bwino pa phiri la Ndirande. Anthu amene anakulira mu Blantyre m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 amakumbukira phirili lili ndi nkhalango ya paini yothithikana, ndipo amanena kuti m'zaka za m'ma 1990 mitengoyo inatha mofulumira kwambiri mpaka panatsala miyala, udzu ndi minda. Mwana wobadwa pambuyo pake amaona phiri loyera n'kumaganiza kuti linalengedwa choncho, ndipo akamva akuluakulu akusimba za nkhalangoyo amaziyesa nkhambakamwa za anthu okalamba amene amakometsa zakale zonse. Mukafuna kumutsimikizira mwanayo ndi zithunzi, mupeza chimodzi apa china apo, chojambulidwa ndi mlendo wodutsa kapena chotsalira kumbuyo kwa anthu a paukwati, chopanda tsiku ndi chopanda umboni wa pamene wojambula anaima. Tikanakhala ndi mndandanda wa zithunzi zojambulidwa pamalo amodzi chaka chilichonse m'nyengo imeneyo, tikanaona mbali imene kudula kunayambira, liwiro limene kunayendera, ndi chaka chimene minda inayamba kukwera phiri. Zimenezo sitingazibwezerenso. Koma Michiru akadali ndi mitengo, ngakhale kuti nkhwangwa za ootcha makala zamulowerera kwambiri, ndipo Soche akusintha tikuona. Zimene sitijambula lero, mbadwo wotsatira udzazimva ngati mphekesera chimodzimodzi.

Njira yobwerera pamalo amodzi ndi kamera si yatsopano, ndipo yathandizapo kuwongola maganizo a akatswiri. Chitsanzo chodziwika bwino ndi cha boma la Machakos ku Kenya. Mu 1937 anthu a boma la atsamunda anajambula mapiri a kumeneko ali okokoloka, odzaza zigwembe ndi opanda mitengo, ndipo anaweruza kuti dzikolo likufa chifukwa cha kuchuluka kwa anthu ndi ziweto. Cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 ofufuza anabwerera pa malo omwewo n'kujambulanso, ndipo anapeza mapiri omwe aja atadulidwa migula, atadzalidwa mitengo ndi mbewu, ngakhale kuti chiwerengero cha anthu chinali chitakwera pafupifupi kasanu. Mary Tiffen, Michael Mortimore ndi Francis Gichuki anafalitsa zotsatira za kafukufukuyu mu 1994, ndipo ngakhale kuti akatswiri akhala akutsutsana pa zifukwa zimene zinachititsa kusinthaku, palibe amene angatsutse zimene zithunzi ziwiri zoikidwa pamodzi zikuonetsa. Ku Tigray, kumpoto kwa Ethiopia, ofufuza anachita zofanana ndi zithunzi zojambulidwa ndi asilikali a ku Britain mu 1868, ndipo m'malo ambiri anapeza mitengo yochuluka kuposa imene inalipo kalelo.

Ndatchula zitsanzo ziwirizi mwadala, chifukwa anzanga ena amaganiza kuti ndikufuna kusandutsa gulu lathu kukhala la anthu odandaula, ongosonkhanitsa umboni wa chiwonongeko. Kamera yoimikidwa pamalo amodzi sidziwiratu chimene idzapeze. Chaka chilichonse, kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, dziko lathu limakhala m'nyengo yodzala mitengo, ndipo timaona m'manyuzi zithunzi za akuluakulu atagwada ndi kambande m'manja, wina atagwira khasu latsopano, wina akuthirira. Chithunzi chimene sitichiona ndi cha malo omwewo patapita miyezi khumi, chilimwe chitadutsa ndi moto wake wolusa, mbuzi zitadya zimene zinatha kudya. Mwina pamalo ena mbande zinafa zonse. Mwina pamalo ena, pamene anthu a m'dera anatchinjiriza zitsa kuti ziphukire, tchire labwerera mwakachetechete popanda mwambo uliwonse ndi popanda mlendo wolemekezeka. Zonse ziwiri n'zofunika kuzidziwa, ndipo gulu la anthu khumi ndi asanu okhala ndi makamera lingathe kuziona mosavuta kuposa ofesi imene imadikira ndalama ya ulendo.

Chotsutsa choyamba chimene ndimamva n'chakuti masetilaiti akugwira kale ntchito imeneyi, ndipo n'zoona kuti akuigwira. Masetilaiti a Landsat akhala akujambula dziko lapansi kuyambira mu 1972, ndipo aliyense wokhala ndi bandulo ya intaneti angathe kutsegula Google Earth n'kuona madenga a Chilobwe ali pampando. Koma pa zithunzi zambiri za Landsat kadontho kamodzi kamaimira malo a mamita 30 m'litali ndi m'lifupi, moti mtengo wa mbawa wa zaka zambirimbiri ndi chitsamba cha dzana zimatha kuoneka ngati kubiriwira kofanana. Kuchokera kumwamba simungasiyanitse bwinobwino msuku ndi bulugama, simungaone kuti mizu yayamba kuonekera chifukwa dothi lakokoloka, ndipo simungaone mtundu wa madzi a mu Mudi. Chinanso chachikulu n'chakuti munthu wamba sadzizindikira pa chithunzi cha kumwamba. Muonetseni khansala, mfumu kapena mayi wogulitsa tomato mapu a mitundumitundu, adzagwedeza mutu mwaulemu. Muonetseni zithunzi ziwiri zojambulidwa pa mlatho umene amawolokapo tsiku lililonse, chimodzi cha zaka khumi zapitazo ndi china cha lero, adzayamba yekha kuloza ndi chala ndi kutchula maina a eni nyumba.

Chotsutsa chachiwiri n'cholemera kuposa choyamba, ndipo sindichipeputsa. Anthu amalowa gulu lojambula kuti apumule. Sabata yonse akhala ali m'maofesi, m'mashopu, m'zipatala ndi m'makalasi, akuona zinyalala zomwezo ndi fumbi lomwelo, ndiye Loweruka akufuna kuona chinthu chokongola, ndipo palibe amene ali ndi ufulu wowauza kuti chisangalalo chawo chisanduke ntchito ya boma yosalipidwa. Ndikuvomereza, ndipo sindikunena kuti maulendo a ku Liwonde kapena kukwera Mulanje athe. Amene anaonapo dzuwa likutuluka ali pamwamba pa phiri la Zomba sangafune kuletsa mnzake kukaona zomwezo. Chimene ndikupempha ndi masiku awiri kapena atatu okha pachaka. Ndiponso ulendo wa mumzinda uli ndi ubwino umene anzanga okhala ndi magalimoto saulingalira: wophunzira wa ku koleji amene alibe ndalama yosonkha ya mafuta ndi yolipira pachipata angathe kubwera pa minibasi kapena pa kabaza, foni yake ili m'thumba, n'kukhala membala wokwanira ngati wina aliyense. Magulu athu ambiri ndi a anthu opeza bwino, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake ndi mtunda wa maulendo amene timasankha.

Pali nkhani inanso imene inatigawanitsa pa msonkhano wina, ndipo ndikuganiza kuti ndiyo phata la kusiyana kwathu. Mnzathu wina, wojambula waluso kwambiri, anaonetsa chithunzi cha kakowa ataima pamwala mu mtsinje wa Mudi, nthenga zake zikuwala, madzi akuoneka odekha kumbuyo kwake. Tonse tinachiyamikira. Kenako iye mwini anaulula akuseka kuti anathera ola lathunthu pa kompyuta akufufuta majumbo atatu ndi botolo la pulasitiki zimene zinakodwa pamwalapo, ndi kuchepetsa kuda kwa madzi. Ambiri anaona kuti palibe cholakwika, ndipo kunena zoona, ngati cholinga ndi chithunzi chopachika pabalaza, palibedi cholakwika, chifukwa wojambula ali ndi ufulu wosankha chimene akufuna kuonetsa. Koma ine ndinapempha kuti ationetse chithunzicho chisanakonzedwe, ndipo kwa ine chimenecho ndicho chinali champhamvu: mbalame yoyera mbee ikusaka chakudya pakati pa zinyalala zathu, mu mtsinje umene umachokera kumapiri a Ndirande n'kudutsa m'dera la mafakitale ndi pafupi ndi msika waukulu. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala mu 2015, khoti lalikulu la apilo linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019, ndipo milandu inapitirirabe pambuyo pake. Munthu wofuna kudziwa ngati lamulolo linasintha kanthu m'mitsinje yathu angathandizidwe kwambiri ndi zithunzi za mwala womwewo chaka ndi chaka, majumbo ake osafufutidwa. Chithunzi chokonzedwacho chimanena za luso la mnzathuyo, koma za Mudi chimanena bodza.

Apa m'pamene gulu liyenera kukhala ndi lamulo lomveka: zithunzi za mpikisano ndi zachionetsero wojambula azikonze mmene akufunira, koma zithunzi za kaundula, zija zojambulidwa pamalo amodzimodzi chaka ndi chaka, zisakhudzidwe, kupatula kuwongola kuwala pang'ono kuti zinthu zioneke. Nkhani imeneyi yafika povuta masiku ano pamene mafoni ambiri ali ndi batani lofufutira chilichonse chosakondweretsa ndi kukhudza kamodzi, ndipo ena amakometsa thambo ndi masamba okha popanda kufunsa mwini foni.

Ntchito yeniyeniyo si yovuta, ngakhale imafuna mwambo umene ojambula ambiri sitinauzolowere. Gulu lisankhe malo khumi kapena khumi ndi awiri okha, chifukwa malo makumi asanu adzasiyidwa chaka chachiwiri chisanathe. Malo aliwonse akhale ndi chizindikiro chosasuntha, monga ngodya ya mlatho, sitepe ya tchalitchi, mwala waukulu kapena chipilala, osati mtengo kapena mpanda wa udzu umene mawa udzakhala utachoka. Palembedwe kutalika kwa kamera kuchokera pansi, mbali imene yaloza, lenzi imene yagwiritsidwa ntchito ndi nthawi ya tsiku, ndipo wopita kukajambulanso anyamule chithunzi cha chaka chatha chosindikizidwa papepala kuti afananize nsonga ya phiri ndi m'mphepete mwa chithunzi asanadine. Nyengo ziwiri n'zokwanira: mu Epulo mvula ikamatha, pamene zonse zili zobiriwira, ndi mu Okutobala mvula isanagwe, pamene nthaka ili pambalambanda ndipo chilichonse chobisika ndi udzu chaonekera. Zithunzi za mu Okutobala zidzakhala zotuwa ndi utsi wa moto wa m'tchire, ndipo wojambula aliyense adzafuna kudikira tsiku lowala bwino, koma utsiwo nawonso ndi mbali ya mbiri ya mzindawu ndipo suyenera kuzembedwa.

Chovuta chachikulu ndi kasungidwe. Zithunzi zambiri za gulu lathu zimakhala pa WhatsApp ndi pa Facebook, ndipo ambiri sadziwa kuti chithunzi chikatumizidwa mwachizolowezi pa WhatsApp chimafinyidwa n'kutaya zolembedwa zamkati zosonyeza tsiku, kamera ndi malo. Chotsalacho n'chokwanira kuonera pa foni, koma ngati umboni n'chopunduka. Ine ndemwe ndinataya zithunzi za zaka zitatu pamene chosungira cha kompyuta yanga chinafa mwadzidzidzi, ndipo zimene ndinapulumutsa ndi tizithunzi tofinyidwa timene ndinatumizira anzanga. Choncho mafayilo oyambirira asungidwe m'malo awiri osiyana, ndipo chaka chilichonse zithunzi za kaundula zisindikizidwe papepala labwino, kumbuyo kwake kulembedwe tsiku ndi malo ndi pensulo. Pepala limaoneka lachikale, koma zithunzi za Blantyre wakale zimene tili nazo lero zinafika kwa ife chifukwa zinali papepala ndipo wina anazisunga. Bungwe la Society of Malawi, limene linayamba mu 1946, lili ndi laibulale ndi nkhokwe ya zithunzi m'chipinda chapamwamba cha Mandala House, nyumba yomangidwa mu 1882. Ku Zomba kuli nkhokwe ya boma ya National Archives, ndipo ku Chichiri kuli nyumba yosungiramo zinthu zakale. Gulu likambirane ndi malo ngati amenewa kuti lizisiyako kope, ndipo mamembala alemberane pangano losonyeza kuti umwini wa chithunzi ukhalabe wa wojambula monga mwa lamulo la zaumwini wa ntchito zaluso la 2016, koma kuti ophunzira, atolankhani ndi ofufuza aziloledwa kuchiona ndi kuchigwiritsa ntchito potchula dzina lake.

Nkhokwe zomwezi zingatipatse poyambira pabwino. Mzinda wa Blantyre unayamba ndi mishoni ya mpingo wa ku Scotland mu 1876, ndipo tchalitchi cha St Michael and All Angels chinamalizidwa mu 1891, kotero amishoni, amalonda ndi akuluakulu a boma akhala akujambula malo ano kwa zaka zoposa zana. Iwo ankajambula nyumba zawo ndi misewu yawo, koma kumbuyo kwa nyumbazo kumaoneka mapiri, ndipo nsonga za mapiri sizisuntha. Kutenga chithunzi chakale chotero n'kuyenda nacho mumzinda mpaka kupeza pamene wojambulayo anaima ndi masewera okoma kwambiri kuposa mmene munthu angaganizire, ndipo amaphunzitsa diso kuposa maphunziro ambiri a kajambulidwe amene timaitanira alendo.

Tsopano ndifike pa mbali imene imandichititsa mantha, chifukwa kujambula mapiri a mumzinda ndi kujambulanso anthu okhala m'mapirimo. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa mvula yosalekeza kuchigawo cha kummwera, ndipo matope ndi miyala zochokera pa phiri la Soche zinakokolola nyumba ndi anthu ku Chilobwe ndi madera oyandikana nawo. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Patapita miyezi ingapo tinapitako anthu anayi a m'gulu lathu, ndipo ndikuvomereza kuti tinapita osaganiza mokwanira. Tinafika ndi zikwama zathu za makamera, n'kuyamba kujambula chipsera chachikulu chimene chinatsala paphiripo, miyala ikuluikulu ngati nyumba itaunjikana m'njira imene madzi anadutsa. Mayi wina wachikulire amene ankatola nkhuni anaima n'kutiyang'ana kwa kanthawi, kenako anafunsa mwaulemu kuti, "Kodi abambo, mwachokera ku bungwe liti? Mukulemba maina?" Nditayankha kuti, "Iyayi amayi, ife timangojambula phirili," nkhope yawo inasintha, ndipo ndinachita manyazi amene sindinawaiwale mpaka lero. Kwa iwo pamalopo panali pamanda. Komabe anatikhululukira, natiuza pamene kale pankadutsa kamtsinje kakang'ono, pamene panali mitengo ya masuku imene ankatola ali mtsikana, ndi pamene nyumba zinkalekezera iwo atangokwatiwa kumene. M'mphindi zochepa anatipatsa mbiri ya phirilo imene ife ndi makamera athu odula tinalibe.

Kuchokera tsiku limenelo ndimakhulupirira zinthu ziwiri. Choyamba, gulu lisapite kukaimika kamera m'dera la anthu lisanaonane ndi mfumu ya deralo ndi kufotokoza cholinga chake momveka, kuti anthu asayembekezere thandizo limene sitinabweretse, ndiponso kuti asatiyese akazitape otumidwa kudzawerenga nyumba zoti zigwetsedwe. Chachiwiri, zithunzi zathu zisakhale chida chonyozera osauka. N'kosavuta kujambula bambo akukankha njinga yodzaza matumba a makala n'kulemba pansi pake mawu omudzudzula, kuiwala kuti makalawo akupita kukhitchini kwathu, popeza mabanja ambiri a m'tauni, kuphatikizapo okhala ndi magetsi, amaphikira pa mbaula. N'kosavutanso kudzudzula womanga nyumba pamalo otsetsereka popanda kufunsa kuti puloti yotsika mtengo pamalo abwino akanaipeza kuti. Kaundula wa zithunzi amene ndikunena amaloza phiri, mtsinje ndi mzere wa madenga, osati nkhope ya munthu. Ndipo chaka chilichonse kope la zithunzizo libwerere kuderalo, kwa mfumu kapena kusukulu yapafupi, chifukwa eni phirilo ndi amene ayenera kukhala oyamba kuona mmene likusinthira.

Sukulu ndazitchula ndi cholinga. Bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, limene mbiri yake imayambira mu 1947, lakhala likulimbikitsa makalabu a zachilengedwe m'masukulu kwa zaka zambiri, ndipo ana a m'makalabu otere ndiwo angasunge malo ojambulirapo amene ali pafupi ndi sukulu zawo. Wojambula wodziwa akapita kawiri pachaka kukaima nawo pa ngodya ya bwalo la mpira n'kuwaonetsa kafananizidwe ka chithunzi chakale ndi chatsopano, ndiye kuti waphunzitsa luso ndipo wapezanso womulowa m'malo. Kwa okonda mbalame, tizilombo ndi maluwa, palinso njira ina yoyandikana nayo: pa tsamba la pa intaneti la iNaturalist munthu amaika chithunzi cha chamoyo chilichonse ndi malo ake, ena n'kumuthandiza kupeza dzina lake, ndipo mpikisano wojambula zamoyo za mumzinda wa City Nature Challenge, umene unayamba mu 2016 pakati pa Los Angeles ndi San Francisco, tsopano umachitika m'mizinda yambiri ya padziko cha kumapeto kwa Epulo. Chenjezo langa n'lakuti malo enieni a chisa cha kadzidzi kapena a maluwa osowa asalengezedwe poyera, chifukwa si onse oona chithunzi amene ali ndi cholinga chabwino, ndipo tonse tikudziwa chimene chimachitikira kadzidzi akadziwika pamene amagona.

Zimene ndanena za Blantyre zikukhudzanso mizinda ina. Pamene ankakulitsa msewu wa Kenyatta ku Lilongwe, mitengo ikuluikulu ya m'mbali mwa msewu inadulidwa ndipo anthu anadandaula kwambiri pa intaneti, ena akuikira kumbuyo chitukuko, ena akulira mthunzi. Mkangano wotere umatha pakapita masabata ochepa, koma funso limatsala lakuti mitengo imene inalonjezedwa kulowa m'malo mwake ikukula motani, ndipo yankho lake lingapezeke kokha ngati wina akuima pamalo amodzi chaka chilichonse. A ku Zomba ali ndi phiri lawo limene nkhalango yake ya paini imadulidwa ndi kupsa, ndipo a ku Mzuzu ali ndi nkhalango zozungulira mzinda wawo zimene nyumba zikuzilowerera.

Ndikudziwa kuti zithunzi za chaka choyamba zidzakhala zosasangalatsa. Palibe amene adzaombe m'manja pa msonkhano wa Loweruka poona phiri lotuwa lojambulidwa ndi lenzi wamba pa 8 koloko m'mawa, ndipo za chaka chachiwiri zidzafanana nazo kwambiri moti ena adzafunsa ngati sitikutaya nthawi. Phindu la ntchitoyi limayamba kuoneka patapita zaka zisanu kapena khumi, ndipo magulu athu ambiri safika msinkhu umenewo: wapampando amasamutsidwa kuntchito, msungichuma amapita ku Johannesburg, gulu la pa WhatsApp limangoti zii. N'chifukwa chake malo aliwonse ayenera kukhala ndi khadi lake lolembedwa momveka kotero kuti munthu amene sanationepo angalitenge n'kukaima pamene ife tinaima.

Pa msonkhano wapitawu ndinapereka maganizo amenewa, ndipo mwa anthu amene analipo anayi okha ndi amene anavomera kuyesa, ena anati aona kaye. Tagawana malo asanu ndi limodzi, atatu oyang'ana Ndirande, awiri oyang'ana Soche, ndi amodzi pa Mudi, pa mwala uja wa kakowa, umene mnzathu wofufuta majumbo uja wadzipereka yekha kuti aziujambula. Langa ndi khadi loyamba, ndipo ndalilemba kale: kuima pa ngodya ya kummawa ya mlatho, msana utatsamira chitsulo chachiwiri, kamera pa msinkhu wa mita imodzi ndi theka, nsonga ya Ndirande ikhale pakati, mlongoti wa mafoni ukhale m'mphepete mwa kumanja. Tikayamba sabata yachiwiri ya Okutobala, ndipo mfumu ya deralo tikaonana nayo Loweruka likubwerali.